Kodi Kubwereza Masamu a Mkulu ndi Mwano?

Pa 21 Okutobala 2024 gulu la anthu okonda masamu lotchedwa GIMPS lidalengeza kuti lapeza nambala yosagawika yaikulu kuposa ina iliyonse imene inkadziwika pa nthawiyo. Nambalayo ili ndi madijiti 41,024,320, ndipo ndikati madijiti ndikunena tizizindikiro tija ta 0 mpaka 9 timene timalembera nambala iliyonse. Munthu atati aziitchula mokweza, dijiti imodzi pa sekondi, osagona, osadya, osapita ngakhale kuseri, angafike kumapeto kwake patapita masiku 475. Atati aisindikize, madijiti 3,000 pa tsamba lililonse, angathe masamba oposa 13,600, omwe ndi mabandulo 27 a mapepala aja timalimbirana m'maofesimu, n'kutsegulanso bandulo la 28. Ndi chinthu choti maso a munthu sangachiunike n'kunena kuti chili bwino. Komabe akatswiri a masamu a m'maiko onse adavomereza kuti nambalayi ndi yosagawikadi, ndipo ine wongokonda masamu chabe ndimavomereza nawo. Tsono chimene chimandisowetsa mtendere ndi ichi: kuvomereza kwangaku kukusiyana pati ndi kwa munthu amene wamva mphekesera ku chigayo n'kuinyamula? Paja akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tiyambe taona chinthu chenichenicho. Mukakhala ndi mbuzi 12 mungathe kuzigawa mofanana kwa ana awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi popanda yotsala. Mbuzi 13 zimakana. Kaya ana ndi awiri, kaya ndi asanu, nthawi zonse pamatsala zoyambitsa mkangano, pokhapokha mutapereka zonse kwa mwana mmodzi kapena mutakhala ndi ana 13. Nambala ya khalidwe lotereli, yoposa 1, imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi, pa Chingerezi amaitcha prime. Ife m'chimangirizo chino tiziitcha yosagawika. Oyambirira mwa manambala otere ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17 ndi 19. Manambala ena onse amamangidwa pochulukitsa iwowa: 12 ndi 2 × 2 × 3, ndipo 91, imene imaoneka ngati yolimba, ndi 7 × 13.

Zaka pafupifupi 300 Yesu asadabadwe, Euclid wa ku Alexandria adasonyeza kuti manambala osagawika alibe malire. Ganizo lake n'lalifupi moti mwana wa ku sekondale angalitsate. Tengani manambala osagawika alionse amene muli nawo m'manja, muwachulukitse onse pamodzi, kenaka muwonjezere 1. Nambala yatsopanoyo mukaigawa ndi iliyonse mwa aja mudayamba nawo, pazitsala 1 nthawi zonse. Ndiye kuti mwina iyoyo ndi yosagawika, apo ayi imagawika ndi nambala ina yosagawika imene simudali nayo. Mwachitsanzo, 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 kuwonjezera 1 ndi 30,031, yomwe ndi 59 × 509, ndipo 59 ndi 509 sadali pa mndandanda wathu. Choncho nambala yosagawika yotsiriza kulibe. Ya mu 2024 ija ndi pamene phazi la munthu lidafika, koma msewu ukupitirira. Onaninso kuti Euclid satipempha kuti timukhulupirire chifukwa cha imvi zake. Amatipatsa khasu kuti tikumbe tokha, ndipo m'badwo uliwonse wakhala ukukumba n'kupeza zomwezo.

Apa pali chinthu chimene ndimachiona kuti ndicho phata la nkhani yonseyi. Kutsimikiza kuti nambala imagawika kumafuna mboni imodzi yokha. Wina akaima pabwalo n'kunena kuti 91 ndi yosagawika, inu mungotchula 7, mlandu wathera pomwepo, ndipo aliyense wodziwa kugawa angadzionere yekha. Koma kutsimikiza kuti nambala ndi yosagawika n'kunena kuti mboni yotereyo kulibe kwina kulikonse. Pa nambala yaing'ono ngati 97 mungayese 2, 3, 5 ndi 7 n'kupumula, pakuti 97 ndi yochepera 10 × 10, ndipo ikadakhala yogawika, imodzi mwa zoigawazo ikadakhala yosafika 10. Pa nambala ya madijiti 41 miliyoni, mboni zoyenera kuitanidwa n'zambiri moti chiwerengero chake chokha chili ndi madijiti oposa 20 miliyoni. Asayansi amayerekeza kuti chiwerengero cha maatomu onse a m'chilengedwe chimene tingathe kuchiona chili ndi madijiti pafupifupi 80 okha. Palibe kompyuta imene ingafunse mboni zonsezo imodziimodzi, ngakhale ikadayamba ntchito tsiku limene dziko lidalengedwa. Mbiri ya munthu imayendanso motero. Kuti adziwike kuti ndi wakuba pamangofunika lisiti limodzi. Nanga kuti adziwike kuti sadabepo, abweretse malisiti angati?

Manambala osagawika aakulu kwambiri amene anthu akhala akupeza ndi a banja limodzi, ndipo banjali limatchulidwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa Chikatolika wa ku France. Bamboyu ankalemberana makalata ndi anthu monga Descartes, Fermat ndi Galileo, kotero kuti m'masiku amenewo adali ngati positi ofesi ya anthu ophunzira a ku Ulaya. Banja la manambala akewo limapezeka chonchi. Yambani ndi 2, muziwirikiza kawiri: 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128. Pa sitepe iliyonse chotsanipo 1, mupeza 1, 3, 7, 15, 31, 63, 127. Pa masitepe 2, 3, 5 ndi 7 patuluka 3, 7, 31 ndi 127, onse osagawika. Pa masitepe 4 ndi 6 patuluka 15 ndi 63, ogawika. Lamulo lake n'lakuti nambala ya sitepe ikakhala yogawika, chotulukacho chimagawikanso. Mtima umathamangira kuganiza kuti sitepe ikakhala yosagawika ndiye kuti chotulukacho n'chosagawikanso, komatu apa m'pamene pali mbuna. Pa sitepe 11 pamatuluka 2,047, ndipo 2,047 ndi 23 × 89.

Nambala ya mu 2024 ili pa sitepe 136,279,841. Pali zina zimene tingadziwe za iyo tili chikhalire pampando. Powirikiza paja, dijiti yomalizira imayenda mozungulira: 2, 4, 8, 6, kenaka 2, 4, 8, 6, osasintha. Tikagawa 136,279,841 ndi 4 pamatsala 1, kutanthauza kuti tili pa chiyambi cha mzungulirowo, pa 2. Kuchotsapo 1, nambala yathu ithera ndi 1. Tadziwa mchira wa chilombo chonsecho mutu wake sitidauone.

Mu 1644 Mersenne adalemba kuti kuyambira pa sitepe 2 kulekeza pa 257, masitepe obala manambala osagawika ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257 basi. Sadapereke umboni, ndipo sakadatha kuupereka, pakuti nambala ya pa sitepe 257 ili ndi madijiti 78 pamene iye adali ndi nthenga yolembera ndi inki. Koma adali munthu wamkulu, wa mbiri yabwino, ndipo mawu ake adalemekezedwa. Mu 1772 Leonhard Euler, maso ake atafa kale, adatsimikiza kuti ya pa sitepe 31, yomwe ndi 2,147,483,647, ndi yosagawikadi. Mkulu uja adaoneka kuti adalasa. Timati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu a Mersenne adagonera zaka mazana awiri ndi kusefukira, ena adakomadi, koma ena adasasa. Ya pa 67 ndi ya pa 257 zidapezeka kuti zimagawika. Zitatu zimene iye adazisiya kunja zidapezeka kuti n'zosagawika: ya pa 61 adaipeza mu 1883 ndi Ivan Pervushin, wansembe wa kumudzi ku Russia, ndipo za pa 89 ndi 107 adazipeza mu 1911 ndi 1914 ndi R. E. Powers, munthu wogwira ntchito ku kampani ya sitima zapamtunda ku America. Zolakwika zisanu pa mndandanda waufupi chonchija, ndipo ena mwa ozitulukirawo adali anthu wamba ochita masamu ataweruka ku ntchito zina.

Amene adatsegula chitseko chenicheni ndi Édouard Lucas, mphunzitsi wa ku France. Iye adapeza njira yoyesera manambala a banjali popanda kuitana mboni imodziimodzi, ndipo mu 1930 D. H. Lehmer wa ku America adaiwongola n'kukhala momwe ilili lero. Njirayo ndi iyi. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, muchotsepo 2, mugawe ndi nambala imene mukuiyesayo, musunge chotsala chokha. Chotsalacho muchite nacho chimodzimodzi, ndipo mubwereze maulendo ochepera ndi awiri pa nambala ya sitepe. Mukathera pa 0, nambalayo ndi yosagawika. Mukathera pa china chilichonse, imagawika. Tiyese 31, ya pa sitepe 5, imene ifuna maulendo atatu. Ulendo woyamba, 4 × 4 kuchotsa 2 ndi 14. Wachiwiri, 14 × 14 kuchotsa 2 ndi 194, ndipo tikagawa ndi 31 patsala 8. Wachitatu, 8 × 8 kuchotsa 2 ndi 62, yomwe ndi 31 × 2, patsala 0. Yapambana. Mu 1876 Lucas adatsimikiza pamanja kuti ya pa sitepe 127, ya madijiti 39, ndi yosagawika, ndipo padapita zaka 75 munthu wina asadapeze yoposa imeneyo.

Chodabwitsa cha njirayi chimaoneka nambala ikalephera. Mukayesa 2,047, patatha maulendo asanu ndi anayi mumathera pa 1,736. Si 0, ndiye kuti 2,047 imagawika. Koma 1,736 sakuuzani kanthu za 23 kapena 89. Mwadziwa kuti m'nyumba mwalowa mbala, dzina la mbalayo simukulidziwa. Ndi mmene zidakhalira ndi sitepe 67. Lucas adasonyeza kuti Mersenne adaphonya pamenepo, koma zoigawa zake palibe adazitchula mpaka mu 1903, pamene Frank Nelson Cole wa ku Columbia University adaima pa msonkhano wa American Mathematical Society mu mzinda wa New York. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti Cole sadayankhule liwu ndi limodzi lomwe. Adapita pa bolodi n'kuwerengera nambala ya pa sitepe 67, napeza 147,573,952,589,676,412,927. Adasunthira mbali ina ya bolodi n'kuchulukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287, pang'onopang'ono ngati mwana wa ku pulayimale. Mayankho awiriwo atafanana adakakhala pansi, anthu n'kuwomba m'manja. Akuti kufufuza manambala awiriwo kudamudyera masiku a Lamulungu a zaka zitatu, pamene kuonetsa kuti ndi oona kudatenga ola limodzi.

Mpata umenewu, pakati pa kuvuta kwa kupeza zogawa ndi kuphweka kwa kuzichulukitsa, ndi umene Rivest, Shamir ndi Adleman adamangirapo mu 1977 njira yawo yotsekera uthenga wachinsinsi, imene mabanki ndi intaneti akhala akuigwiritsa ntchito. Kumeneko amagwiritsa ntchito manambala osagawika a madijiti mazana angapo, osungidwa mobisa. Chimphona cha madijiti 41 miliyoni chilibe ntchito pa zimenezo, pakuti kiyi wodziwika ndi dziko lonse satseka khomo. Ndangodutsirako, poti ndikudziwa kuti wina afunsa za phindu lake.

Tsopano tibwere kwathu. Mwana akafunsa munthu wamkulu kuti, "Mwadziwa bwanji?" kawirikawiri amatchedwa wamwano, wosalangidwa. Pa komiti ya maliro kapena ya chitukuko cha pa mpingo, munthu akapempha kuti msungichuma awerenge poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, yankho limabwera lotentha: "Kodi mukundiyesa wakuba?" Ndiye ena onse amagwetsa nkhope pansi, wofunsa uja n'kusanduka wopalamula. Ife ogwira ntchito m'boma timazidziwa bwino zimenezi. Bwana akasaina pepala, kalaliki amene angatenge pensulo n'kuyamba kuwonkhetsanso manambala a pa pepalalo amaoneka ngati akutosa bwanayo m'maso. Ambiri amangodinda chidindo n'kupititsa fayilo patsogolo. Kodi Cole adachita mwano kwa Mersenne? Kodi Powers, munthu wa ku njanji, adadzikweza pokonza mndandanda wa wansembe wophunzira amene adamwalira zaka zoposa 260 m'mbuyomo?

Sindikufuna kupeputsa maganizo a amene amati kufunsafunsa kumawononga. Ali ndi mfundo, ndipo ndi yolemera. Moyo sungayende aliyense atati azitsimikiza yekha chilichonse. Timakwera minibasi osaona laisensi ya dalaivala, timameza mankhwala osadziwa zimene adasakanizamo, timadya nsima ya eni osafunsa kumene ufa udachokera. Banja limene mwamuna ndi mkazi amaitanitsana malisiti a mchere ndi sopo latha kale, kwangotsala kugawana ziwiya. Komanso tisaname, alipo anthu amene amafunsa umboni pofuna kuchititsa mnzawo manyazi pagulu, choonadi alibe nacho ntchito. Funso lawo limakhala mpeni wobisa m'thumba. Ulemu umene makolo athu adatiphunzitsa udapangidwira kuteteza anthu ku mipeni yotereyi, ndipo mudzi umene ulemu watha ndi malo ozizira kukhalamo. Ndiponso munthu wokhulupirika amamva kuwawa kwenikweni akafunsidwa, chifukwa, monga taonera pa manambala paja, iye alibe lisiti limodzi loti angatulutse n'kutseka pakamwa pa onse.

Koma taonani chimene chidachitikira dzina la Mersenne. Atamupeza ndi zolakwika zisanu, palibe adalifafaniza. Mpaka lero manambala aja amatchedwa ake, ndipo chilembo M cha m'dzina la GIMPS chikuimira iyeyo. Akadakhala kuti anthu adangolandira mndandanda wake n'kuusunga m'kabati mwaulemu, bwenzi lero akudziwika ndi owerengeka okha. Adakhala wamoyo chifukwa mibadwo ya anthu idaona mawu ake kukhala olemera mokwanira kuti iwatayire masiku a Lamulungu. Ine ndimaona kuti ulemu woposa apa ngwosowa. Munthu amene mawu ake timangowagwedezera mutu osawayesa, nthawi zambiri ndi amene timamuopa kapena amene sitimusamala. Ndipo wokhulupirika uja, amene alibe lisiti limodzi lomuyeretsa, chimene chingamupulumutse ndi njira yonga ya Lucas: muyeso wodziwika kwa onse, wogwira aliyense mofanana, umene ukatha umasiya 0 poyera. Amayi a m'magulu a banki m'khonde adazindikira zimenezi. Bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa gulu lonse. Msungichuma wa kumeneko safunsa ngati akumuyesa wakuba, chifukwa kuwerengako kumachitika sabata iliyonse, kaya msungichumayo ndi ndani. Akamapita kwawo amakagona tulo.

Apa m'pamene ndimapeza yankho la funso langa loyamba lija. N'zoona kuti nambala ya mu 2024 sindidaiyese ndekha. Koma amene adaipeza sadangoti, "Tikhulupirireni." Adanena sitepe yake, njira yoyesera ndi yodziwika kuyambira 1930, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta yoyesera, imene George Woltman adayamba kugawa pamene ankakhazikitsa GIMPS mu 1996, aliyense angaitenge kwaulere. Munthu wa kaduka, wofuna kutchuka pogwetsa anzake, ali ndi ufulu wonse woyesa, ndipo atapeza cholakwika dzina lake lingamveke dziko lonse. Mphekesera ya ku chigayo ilibe khomo lotere. Ukaifunsa kumene yachokera imakuuza kuti "anthu akunena", ukafunsanso imakwiya. Zoona, khomo lotsegula silipindulira kwenikweni munthu amene alibe kompyuta yamphamvu kapena magetsi odalirika, ndipo ambiri a ife tili m'gulu limenelo. Tikudalirabe ena kuti atiyesere. Chofunika n'chakuti oyesawo akhale ambiri, ndiponso asakhale odyera mbale imodzi.

Wina anganene kuti masiku ano nkhaniyi yatha, poti kompyuta silakwitsa. Ameneyo sadamve za Thomas Nicely, mphunzitsi wa masamu pa koleji ina yaing'ono ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Mu 1994 iye ankawerengera zinthu zokhudza manambala osagawika oyandikana, onga 11 ndi 13, ndipo adaona kuti mayankho a makompyuta ake sakugwirizana. Adafufuza miyezi ingapo, akukayikira pulogalamu yake yomwe, mpaka adapeza kuti vuto lili mu Pentium, kachipangizo katsopano ka kampani ya Intel komwe kadali ubongo wa makompyuta mamiliyoni. Pa manambala ena kachipangizoko kankaphonya masamu ogawa. Poyamba kampaniyo idati vutolo n'losowa kwambiri, ndipo idati isinthira okhawo amene angasonyeze kuti ntchito yawo ikufunadi masamu osaphonya. Anthu atakwiya, mu Disembala chaka chomwecho idavomera kusinthira aliyense, ndipo nkhaniyi idaidyera madola 475 miliyoni. Mphunzitsi mmodzi adabwereza masamu a chimphona, ndipo chimphonacho chidapezeka cholakwa.

N'chifukwa chake a GIMPS sakhulupirira ngakhale makina awo omwe. Luke Durant, wa ku San Jose ku California, amene kale ankagwira ntchito ku kampani ya NVIDIA, adabwereka makina zikwizikwi m'maiko 17 n'kuwalumikiza kudzera pa intaneti, ndipo akuti adawonongerapo ndalama zake pafupifupi madola 2 miliyoni. Pa 11 Okutobala 2024 makina ena ku Dublin, m'dziko la Ireland, adanena kuti nambala ya pa sitepe 136,279,841 yapambana muyeso woyamba. Muyeso umenewo umangonena kuti nambala ikuoneka kuti ndi yosagawika, ngakhale kuti mpata woti uphonye pa nambala yaikulu chonchi ndi wochepa zedi. Mawa lake makina ena ku San Antonio, ku Texas, adamaliza muyeso wa Lucas ndi Lehmer n'kuthera pa 0. Munthu amene wataya ndalama zotere akadafuna kuimba lipenga usiku womwewo. Koma adadikira, pamene anthu ena ankabwereza muyesowo pa makina a mitundu ina, ndi mapulogalamu olembedwa ndi anthu osiyana, kuti cholakwika cha mmodzi chisabisale mwa onse. Chilengezo chidatuluka patapita masiku khumi. Sitidamve kuti Durant adakwiya n'kufunsa ngati akumuyesa wabodza.

Pali nkhani inanso ya gulu lomweli imene imandifika pamtima monga munthu wokhalira mafayilo. Pa 17 Sepitembala 2015 kompyuta ina ya ku University of Central Missouri, mwa zimene Curtis Cooper ankayang'anira, idamaliza kuyesa nambala ya pa sitepe 74,207,281 n'kutumiza lipoti loti ndi yosagawika. Chifukwa cha vuto la m'pulogalamu, uthenga wodziwitsa anthu sudatuluke. Lipotilo lidangokhala phee m'nkhokwe ya makina kwa miyezi pafupifupi inayi, mpaka pa 7 Januwale 2016 pamene munthu wina, akuunika zolembedwa zakale, adaliona. A GIMPS amawerenga tsiku lachiwirilo ngati tsiku limene nambalayo idapezeka, poti mwambo wawo ndi wakuti chinthu chapezeka pamene munthu wachiona. Nambalayo idali yosagawika mu Sepitembala, idali yosagawika Euclid asadabadwe, koma kwa anthu idali ngati kulibe kufikira wina atatsegula fayilo.

M'maofesi muli malipoti ambiri otere, oona ndi abodza omwe, ongodikira maso. Lamulo loti pepala la ndalama lisainidwe ndi anthu awiri kapena atatu lidaikidwa kuti wachiwiriyo abwereze masamu a woyamba. Wachiwiri akamasaina chifukwa choti woyamba wasaina, ndipo wachitatu chifukwa choti awiri asaina, ndiye kuti pepalalo lili ndi masiginecha atatu koma laonedwa ndi munthu mmodzi, mwinanso ndi wopanda. Amalawi tidaphunzira zimenezi mowawa mu 2013, pamene zidaululika kuti ndalama zankhaninkhani za boma zinkatuluka kudzera m'makompyuta olipirira kupita ku makampani amene sadagwire ntchito ina iliyonse, nkhani ija idatchuka ndi dzina loti Cashgate. Macheke ake adali osainidwa bwinobwino. Sindikhulupirira kuti aliyense amene mapepala otere adadutsa m'manja mwake adali mbala. Ndikuganiza kuti ena adali anthu aulemu chabe, oleredwa bwino, amene adaona kuti kuwonkhetsanso manambala a bwana n'kupanda khalidwe. Mankhwala adasowa m'zipatala, ndipo maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la mu bajeti. Ulemu wa mtundu umenewo udalipiridwa ndi anthu amene sadali m'chipindamo.

Ku GIMPS kuli gulu la anthu limene manyuzipepala salitchula. Iwowa sasaka nambala yatsopano. Amatenga masitepe amene ena adayesa kale n'kuwapeza kuti ndi ogawika, n'kuwayesanso kuyambira pachiyambi pa makina ena. Chotsala chomalizira, chonga 1,736 uja tidapeza pa 2,047, amachiyerekeza ndi cha woyesa woyamba. Zikafanana, sitepeyo yatsekedwa. Zikasiyana, ndiye kuti kompyuta ya wina idaphonya penapake, mwina idatentha, mwina magetsi adagwedezeka, ndipo pamafunika woyesa wachitatu. Kuyambira mu 2020 miyeso yatsopano imabwera ndi umboni wake waufupi umene makina ena angautsimikize mwamsanga, koma ya m'mbuyomo idafunikabe kubwerezedwa yonse. Nambala ya pa sitepe 57,885,161 idapezeka mu Januwale 2013 ndipo idatsimikizidwa kuti ndi yosagawika m'masiku ochepa. Koma kuti anene kuti ndi ya nambala 48 pa mzere wa banja la Mersenne, kuti palibe ina yaing'ono imene idadumphidwa m'munsi mwake, padafunika kuti sitepe iliyonse ya m'munsimo iyesedwe kawiri. Ntchitoyo idatha mu Okutobala 2021, patapita zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Pafupifupi nthawi zonse wobwereza amapeza kuti woyamba adalondola. Kompyuta yake imalira masiku angapo pakona ya chipinda, imatumiza chotsala chofanana ndi cha munthu amene sadzakumana naye, kenaka imapempha sitepe ina.